Paipi ya suweji ikamatsekeka mwezi ndi mwezi, yambani mwapeza pamene pali chilema

Funso: Ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, m'nyumba imene anatisiyira malemu bambo. Pakhomopa tilipo anthu 14, kuwerengera maloja (anthu a lendi) ndi banja limene likukhala m'kanyumba kakuseri kamene tinamanga zaka 3 zapitazo. Kuyambira mwezi wa Novembala madzi akuda akumasefukira pa gully yakukhitchini, kadzenje ka panja kamene madzi a pa sinki amathiramo, ndipo tikathira madzi m'chimbudzi amayamba akwera kaye, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono uku akulira. Pulambala tamuitana katatu. Amatokosa ndi marodi, ndodo zolumikizana zotsegulira mapaipi, zimayenda milungu itatu kapena inayi, kenako zabwereranso. Soda wa caustic tathira mapaketi ambiri. Kuseri kuli mtengo wa mabulosi ndiponso chitsime chimene timatunga madzi a khonsolo akasiya. Wina akuti tifukule paipi yonse, wina akuti vutoli ndi la khonsolo. Ndiyambire pati? Ndine mayi wa ku Mufakose.

Yankho: Mayi, pepani ndi vutoli. Soda uja musiyeni, ndipo za kufukula paipi yonse musavomere msanga. Amene akuti vuto ndi la khonsolo mwina akulondola, amene akuti paipi yanu yatha mwinanso akulondola, koma onse awiri akungoganizira, chifukwa palibe amene wakuuzani chimene waona atavundukula manhole, dzenje lovundikira loonera m'paipi. Paipi ikatsekeka kamodzi timati ndi ngozi, wina anagwetseramo chinthu. Koma ikamatsekeka mwezi uliwonse ndiye kuti ili ndi chilema penapake, ndipo marodi sachiza chilema. Amangoboola kanjira pakati pa zinyalala kuti madzi adutse kwa masiku angapo. Ntchito yanu tsopano ndi kupeza malo enieni a chilemacho. Akapezeka, nthawi zambiri mumakumba mamita 2 kapena 3 okha, osati bwalo lonse.

Dziwani kaye mmene mapaipi a pakhomo panu ayendera. Chimbudzi chimatuluka ndi paipi yaikulu, ya mamilimita 110 ngati ndi ya PVC, kapena ya mainchesi 4 ngati ndi yadothi lootcha, monga zilili m'nyumba zambiri zimene zinamangidwa chaka cha 1980 chisanafike. Sinki, bafa ndi beseni zimatuluka ndi timapaipi ta mamilimita 40 kapena 50, n'kukathira pa gully kunja. Zonsezi zimakumana m'paipi imodzi pansi pa nthaka, imene imadutsa pa manhole imodzi kapena ziwiri za pasitandi panu isanakalowe m'paipi ya khonsolo, ya mamilimita 150 kapena kuposa. Ya kwanu kunoko imakathera kumalo oyeretsera suweji a Crowborough. Pakhomo palibe injini yokankha madziwa, amayenda ndi kutsetsereka kokha. N'chifukwa chake paipi ikatsekeka madzi amatulukira pabowo lotsika kwambiri kuposa onse, lomwe ndi gully. Gully yanuyo mwina ilibe mlandu ayi. Ikuchita ntchito imene anaiikira, yoti zonyansa zisefukire panja m'malo motulukira m'bafa.

Mwanena kuti chimbudzi ndi gully zikuvuta limodzi. Zimenezi zatichotsera kale chikayiko chimodzi. Kukanakhala kuti sinki yokha ndiyo ikuchedwa, tikanati mumasule trap, kapaipi kokhota ka pansi pa sinkiyo. Kukanakhala gully yokha, tikanati muvale golovesi lalitali, muchotse kasefa ka pamwamba, mukape matope amene adzaza pansi pake. Zikavuta zonse, ndiye kuti chotsekacho chili kunsi kwa pamene mapaipi awo amakumana. Kulira kwa chimbudzi kuja ndi mpweya umene wasowa kolowera m'paipi yodzaza, ndiye ukubwerera kudzera m'madzi a m'chimbudzimo.

Tsiku limene zasefukiranso, pulambala asanakhudze chilichonse, vundukulani mamanhole onse a pasitandi panu, kuyambira imene ili kufupi ndi paipi ya khonsolo kubwerera chakunyumba. Ngati ina inakwiriridwa ndi dothi kapena simenti ya pabwalo, isakeni, chifukwa popanda iyo mudzangokhalira kulota. Tsatirani mzere wochokera pakhoma la chimbudzi, muzibaya pansi ndi chitsulo mpaka mumve chivundikiro. Mukavundukula imani chakumphepo kwa mphindi zingapo, osasuta fodya, osayatsa machesi, ana akhale kutali. M'menemo mumakhala mpweya wa methane umene umayaka, ndi wa hydrogen sulphide wonunkha ngati dzira lowola. Woopsa ndi wachiwiriwu, chifukwa ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pamene ali pafupi kukomoka. Munthu asalowe m'manhole yakuya, ngakhale kungotsikira kuti atole foni. Wina akakomokeramo musamutsatire, itanani ozimitsa moto.

Kuwerenga kwake n'kosavuta. Chotsekacho chimakhala pakati pa manhole yodzaza ndi manhole youma yotsatana nayo chakunsi. Ngati ya pafupi ndi nyumba yadzaza koma ya kumalire ili youma kapena ikungodontha, vuto ndi lanu, ndipo lili pakati pa ziwirizo. Ngati zonse zili zouma pamene gully ikusefukira, vuto lili pakati pa nyumba ndi manhole yoyamba. Ngati ya kumalire nayonso yadzaza, pali zinthu ziwiri: mwina katsekeka ndi kachigawo kakafupi kochokera pa manhole yanu kukalowa m'paipi ya khonsolo, kapena ya khonsoloyo ndiyo yadzaza. Apa mufunse anansi anu, makamaka amene ali chakumtunda ndi chakunsi pa mzere womwewo. Ngati nawonso zikusefukira, kapena manhole ya mumsewu ikutulutsa madzi, pulambala wanu sangathandize kanthu ngakhale atatokosa tsiku lonse.

Palinso kayesedwe kena kosalira ndalama. Gwirizanani pakhomo kuti kuyambira 10 koloko usiku mpaka m'mawa pasakhale wothira madzi paliponse. Ikani ndodo m'manhole yodzazayo, lembani pamene madzi afika. Mukapeza m'mawa atatsika pang'ono, n'kutheka kuti paipi yanu ndiyo yatsekeka koma ikudutsitsa pang'onopang'ono. Mukapeza atakwera, kapena gully yasefukira usiku inu muli m'tulo, madziwo si anu, akuchokera kunja. Zoterezi zimachuluka mvula ikagwa, chifukwa madzi a mvula amalowa m'mapaipi a mzinda kudzera m'ming'alu, m'mamanhole amene zivundikiro zake zinabedwa, ndiponso kwa anthu amene analowetsa madzi a padenga mu gully, chinthu chimene malamulo saloleza. Paipi ya mamilimita 150 sinapangidwire mvula ya Januwale.

Tiyerekeze kuti vuto lapezeka kuti ndi lanu. Ulendo uno pulambala akabwera musamusiye yekha, khalani pomwepo. Ayambire pa manhole youma ya kunsi, kutokosa chokwera, chifukwa pamenepo kamwa la paipi likuoneka ndipo zimene zatuluka mukhoza kuzigwira. Pakamwa lotulukira aikepo sefa yawaya kapena foloko ya m'munda kuti zinyalala zisapitirire kukatseka kutsogolo. Marodi amazunguliridwa mbali imodzi yokha, imene mivi ya wotchi imalowera, pokankha ndi pokoka pomwe. Akazunguliridwa mobwerera amamasukirana m'kati, ndipo zikatero muyenera kukumba kuti muwachotse. Chotsekacho chikabooka madzi amabwera mwamphamvu, choncho nkhope ikhale kutali.

Inu muziwerenga marodi. Iliyonse imatalika pafupifupi mita imodzi. Ikagunda chotsekacho, lembani kuti alowa angati, ndipo mukamaliza muwayale pamwamba pa nthaka kutsata mzere wa paipi, mukhome chikhomo pamene athera. Mufunsenso pulambalayo ngati akukumbukira kuti maulendo atatu aja ankagunda pati. Ngati ndi pamalo amodzimodzi, chilema chapezeka. Kenako onani bwino zimene kansonga kopiringizika ka kutsogolo kwa marodi kabwera nazo, pakuti umboni uli pamenepo. Timizu toyera tonga tsitsi tikutanthauza kuti mtengo walowa pa joini. Dothi lofiira kapena lakuda, ndi tizidutswa ta paipi, zikutanthauza kuti paipi yasweka ndipo nthaka ikugweramo. Mibulu yotuwa yonga sopo ndi mafuta ouma. Mchenga umamveka ndi kukhwekhwereza, ndipo mukathira madzi mumauona ukukhazikika pansi pa manhole. Dzanja nalonso limamva. Mizu ndi nsanza zimakankhika mofewa n'kubwerera. Joini yosemphana kapena paipi yogwa imaimitsa rodi kuti gwa, ngati yagunda khoma. Ndipo ngati marodi akudutsa popanda chowaletsa koma madzi akuyendabe mwaulesi, ganizirani za paipi yotitimira pakati, imene imasunga madzi ngati mbale.

Paipi ikatseguka, itsukeni ndi ndowa 5 kapena 6 za malita 20 zothira motsatizana, kenako muyese ndi kuwala. Mmodzi atsitse tochi yomangirira kundodo pakamwa la paipi pa manhole ina, wina atsitse galasi loonera nkhope pa inzake, lopendekeka kuti aone m'katimo ali pamwamba. Paipi yowongoka ndi yabwino imaonetsa kuwala kozungulira ngati mwezi wathunthu. Mukaona theka, pansi pali madzi oima kapena mchenga. Mukapanda kuona kalikonse pa mzere umene uyenera kukhala wowongoka, paipi yapindika kapena yagwa. Mu Harare muli makampani amene ali ndi kamera yolowetsa m'paipi. Ngati mukuganiza zoswa simenti ya pabwalo kapena pansi pa kanyumba, kulipira kamera n'kotchipa kusiyana ndi kuswa malo olakwika. Muwauze akupatseni kanemayo ndi mtunda wa pamene aona vuto, ndipo paipi ikhale itatsukidwa kale, chifukwa m'madzi akuda kamera sioona kanthu.

Pa zimene mwafotokozazi, ine ndikukayikira zinthu ziwiri, ndipo choyamba si mtengo ayi, ndi kanyumba kakuseri. Amisiri ambiri akamalumikiza kanyumba kotere ku paipi yakale yadothi safuna kudula ndi kuikapo joini yoyenera. Amangoboola paipiyo ndi tchizulo, kulowetsa ya PVC pabowopo, n'kumata ndi simenti. Nsonga ya paipi yatsopanoyo imatsala itatulukira m'kati mwa yakale, simenti ina imagweramo n'kuuma, ndipo pepala lililonse lodutsa limakodwa pamenepo. Ena amaika joini ya T, yolowa mopingasa, imene imamwaza zonyansa mbali zonse ziwiri m'malo moziperekeza kunsi. Yoyenera ndi ya Y, ya madigiri 45, yoloza kumene madzi akupita. Palinso nkhani ya kutsetsereka. Kanyumba kakakhala kutali kapena potsika, mmisiri amagoneka paipi pafupifupi mofanana kuti ingofika. Choipa kwambiri ndi pamene maziko a kanyumbako akhala pamwamba pa paipi yakale n'kuiphwanya. Ngati chikhomo chanu chija chagwera pafupi ndi pamene kanyumba kanalumikizidwa, musafunefunenso kwina.

Chachiwiri ndi mtengo wa mabulosi. Mizu siboola paipi yabwino, imalowa pamene pali kale mpata. Vuto la mapaipi adothi ndi lakuti ndi afupiafupi, kotero majoini amachuluka, ndipo akale ankamatidwa ndi simenti imene imang'aluka nthaka ikasuntha. Dothi lamakande la m'madambo limafufuma nthawi ya mvula, n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo chaka ndi chaka limagwedeza majoiniwo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene nthaka yauma gwa, malo okhawo a chinyontho pabwalo ndi pa joini yodontha. Kamuzu kamalowa kochepa ngati ulusi, m'katimo kamapeza madzi ndi manyowa, n'kusanduka chiputu chonga ukonde. N'chifukwa chake vuto la mizu limakonda kuonekera mvula ikamayamba, monga lanuli. Mabulosi, mkuyu, bulugamu ndi jakaranda ndiyo mitengo yovuta kwambiri. Kudula mizu ndi makina ozungulira kapena ndi madzi amphamvu a jeti kumatsegula paipi bwino kuposa marodi, koma mpata ukadalipo mizu imaphukanso, ndipo imaphuka yambiri ngati mtengo wosadzulidwa. Ngakhale mutagwetsa mtengowo, joini yong'alukayo idzapitiriza kudontha ndi kulowetsa dothi.

Chilema chimakola zimene anthu athira, choncho tinenepo za khalidwe la pakhomo. Mdani wamkulu wa mapaipi a m'makomboni a Harare ndi mchenga wokwechera mapoto. Umalemera, suyandama, ndipo ukakhazikika pansi pa paipi n'kusakanikirana ndi mafuta umalimba ngati konkire. Amene akufunabe kukwecha ndi mchenga kapena phulusa atsukire m'beseni, adikire kuti zikhazikike, athire madzi okha, matopewo akataye kumunda. Nkhoko za nsima, makombo ndi mafuta okazingira zisamapite pa gully. Mafutawo muziwathira m'chitini, poto n'kumupukuta ndi pepala asanatsukidwe. M'chimbudzi musalowe matewera, mapadi, nsanza, timapepala tonyowa topukutira ana, ngakhale nyuzipepala, imene sisungunuka msanga ngati tishu. Pakhomo la anthu 14 lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha m'chimbudzimo muli kabini kovundikira, apo ayi munthu wamanyazi adzaponyabe m'madzi.

Kusowa kwa madzi nakonso kumatseka mapaipi, ndipo ambiri sazindikira zimenezi. Chimbudzi chinapangidwa kuti chitulutse malita 6 mpaka 9 nthawi imodzi, kuti madziwo anyamule zonyansa n'kuziperekeza patali. Mipopi ikauma kwa masiku, anthu amathira ka jagi ka malita 2. M'chimbudzimo mumayera ndithu, koma zonyansazo zimangoyenda mamita ochepa n'kukaima m'paipi, n'kuuma, zotsatira n'kudzaunjikana pamenepo. Muzithira theka la ndowa ya malita 20 mwakamodzi, osati modonthetsa. Madzi ochapira ndi osambira muziwasungira ntchito imeneyi, ndipo madzulo aliwonse thirani ndowa yodzaza m'chimbudzi chimene chili kutali kwambiri ndi msewu, kuti mzere wonse utsukike.

Soda wa caustic sasungunula mizu, mchenga kapena thewera. Pa mafuta amagwira, koma m'paipi yodzaza ndi madzi ozizira amawasandutsa sopo wolimba amene amakamatirira kutsogolo. Amatenthanso kwambiri akakumana ndi madzi, moti akhoza kufewetsa timapaipi ta pulasitiki, ndipo amatsalira m'madzi oimawo kudikira manja ndi maso a pulambala. Ngati mwathira posachedwa, muuzeni asanayambe. Mankhwala a asidi ndiye oipa koposa, ndipo akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wa kolorini umene umapsereza mapapo.

Tsono kukonza kwake. Kumbani pachikhomo paja ndi piki mpaka mutayandikira, kenako fosholo yokha, chifukwa paipi yadothi imasweka ndi kugunda kumodzi. Samalani ndi paipi ya madzi akumwa ndi nthambo za magetsi zimene zingadutse pomwepo. Ngalande ikapitirira mita 1.2 kuya, makamaka nthawi ya mvula, m'mbali mwake muikemo matabwa otchinjiriza kapena muikulitse chakumwamba, ndipo dothi lofukulidwa likhale kutali ndi m'mphepete. Fukulani mpaka muone paipi yabwino mbali zonse ziwiri, joini imodzi kupitirira pamene paonongeka. Pakhomo pasakhale wogwiritsa ntchito madzi, ndipo pa manhole ya kumtunda mutsekepo ndi pulagi. Paipi yadothi idulidwe ndi grinder kuti kamwa lake likhale losalala, osati ndi hamala.

Chigawo chatsopano chikhale cha PVC ya mamilimita 110 yopangidwira pansi pa nthaka. Imagulitsidwa m'mitunda ya mamita 6. Musalole yopyapyala yotchipa, chifukwa imaphwatalala dothi likailemera. Polumikiza PVC ndi yadothi pamafunika adaputala yake kapena kapulini ya labala yomanga ndi malamba achitsulo chosachita dzimbiri. Kukulunga ndi pepala la pulasitiki n'kuthira simenti, kumene kumachitika kawirikawiri, ndiko kuitana mizu kuti ibwerere. Pansi pa ngalande yalani mchenga wa kumtsinje kapena timiyala tating'ono, mamilimita 100, mutsendere bwino, ndipo pamene pakhale soketi mukumbepo kadzenje kuti thupi lonse la paipi ligone pansi. Paipi isakhale pa njerwa kapena pa miyala yoikidwa apa ndi apo, chifukwa pakati pake imadzatitimira. Masoketi aloze kumtunda, kumene madzi akuchokera. Nsonga yodulidwa ipalidwe ndi fayilo kuti isakankhe mphete ya labala, ipakidwe mafuta ake a mapaipi kapena sopo wamadzi, osati girizi kapena oyilo amene amadya labala. Ikalowa mpaka kumapeto, ibwezedwe pang'ono, ngati mamilimita 10, kuti ikhale ndi malo ofutukukira.

Kutsetsereka ndiye mtima wa ntchito yonse, ndipo pamenepa musadalire diso la mmisiri. Paipi ya mamilimita 110 imayenda bwino ikamatsika mamilimita 25 pa mita iliyonse, zimene amisiri amati 1 pa 40. Isachepere 1 pa 60, omwe ndi mamilimita 17 pa mita. Ndiye kuti ngati kanyumba kali mamita 12 kuchokera polumikizira, paipi iyenera kutsika mamilimita 300, ikachepa kwambiri 200. Kuyesa kwake, tengani levulo ya mita imodzi, mumangirire kathabwa ka mamilimita 25 kunsi kwa nsonga imodzi, muigoneke papaipi kathabwako kali chakunsi. Kathovu kakakhala pakati, kutsetsereka kuli bwino. Yesani mita iliyonse, osati kumapeto kokha. Ngati malo sakulola kutsika kotere, ndi bwino kukweza pansi pa chimbudzi cha kanyumbako kapena kusintha polumikizira kusiyana ndi kugoneka paipi. Pamene paipi ikukhota kapena kukumana ndi inzake muikepo rodding eye, kakamwa kovundikira kolowetsera marodi, kapena manhole yaing'ono, ndipo pa mzere wowongoka pasapitirire mamita 25 popanda potsegulira. Pokhota gwiritsani ntchito mabendi awiri a madigiri 45 m'malo mwa imodzi ya 90.

Musakwirire musanayese. Tsekani kunsi ndi pulagi, dzazani madzi mpaka aoneke pa manhole ya kumtunda, lembani pamene afika, dikirani mphindi 30 mukuyang'ana joini iliyonse. Paipi yadothi youma imayamba yamwako madzi pang'ono, choncho muwonjezere kaye musanayambe kuwerenga nthawi. Zikakhala bwino, chotsani pulagi muone ngati madzi onse atuluka osatsalira. Pokwirira yambani ndi mchenga m'mbali, kutsendera ndi manja kapena thabwa, mpaka upitirire pamwamba pa paipi. Mamilimita 300 oyamba akhale dothi lopanda miyala ndi zigumu za njerwa, kenako dothi wamba m'magawo a mamilimita 150, gawo lililonse lotsenderedwa. Pamene pamadutsa galimoto ndipo paipi ili pafupi ndi pamwamba, itetezedwe ndi konkire. Jambulani zithunzi ngalande isanatsekedwe, mulembenso mitunda kuchokera pakhoma. Zidzathandiza ana anu.

Kusintha mzere wonse kumayenera pokhapokha kamera kapena kukumba kwaonetsa kuti majoini ambiri alowa mizu, kapena paipi yatitimira malo angapo, kapena ikudutsa pansi pa chipinda chimene munawonjezera. Zikatero nthawi zambiri n'kwapafupi kuyala mzere watsopano wolambalala nyumba n'kutseka wakalewo mbali zonse ziwiri. Ntchito yaikulu chotere, ndiponso chilichonse chokhudza polowera m'paipi ya khonsolo, imafuna pulambala wovomerezeka ndi chilolezo cha khonsolo. Gully nayo muikonzeretu: mlomo wake ukhale mamilimita 150 pamwamba pa nthaka kuti madzi a mvula ndi mchenga wa pabwalo zisalowemo, komabe ukhale wotsika kuposa potulukira madzi pa bafa la m'nyumba. Onaninso paipi ya mpweya imene imakwera pakhoma la chimbudzi, ngati sinatsekeke ndi chisa kapena kudulidwa pomanga.

Zikapezeka kuti yadzaza ndi ya khonsolo, kanenani ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu, mutenge nambala ya dandaulo lanu, ndipo mupite limodzi ndi anansi a pamzerewo, mutanyamula zithunzi ndi masiku amene zinasefukira. Musaswe paipi ya khonsolo kapena kuipatutsira mu ngalande ya mvula, monga ena amachitira akatopa. Madzi amenewo amakagwera mumtsinje wa Marimba kapena wa Mukuvisi, n'kukathera mu Lake Chivero, momwe malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray amatunga madzi amene timamwa. Ngati sitandi yanu ili potsika ndipo zonyansa za mzinda zimabwerera kwanu kawirikawiri, pali valavu ya mamilimita 110 yolola madzi kutuluka koma osabwerera. Imaikidwa kufupi ndi malire, m'bokosi lotseguka kuti izitsukidwa miyezi ingapo iliyonse. Dziwani kuti ikatseka, madzi anunso satuluka, ndiye nthawi imeneyo pakhomo muyenera kuleka kuthira.

Kwa owerenga amene nyumba zawo zili ndi thanki ya sepitiki, monga mbali zina za kumpoto kwa mzinda ndi malo atsopano amene mapaipi a khonsolo sanafike, kufufuza n'komweku, kungoti kumathera pa thanki. Madzi a m'thankimo akakhala pamlingo wake koma m'nyumba zikubwerera, yatsekeka ndi paipi yolowera. Akakwera kupitirira paipi yotulukira, ndiye kuti soakaway, dzenje lomwetsera madzi a m'thanki m'nthaka, yaleka kumwa, ndipo kuitana galimoto yopopa kumangokupatsani mpumulo wa masiku ochepa.

Za chitsime chija sindingakunyengerereni, Mayi. Chitsime chimafunika kukhala mamita 30 kapena kuposa kuchokera pamene zonyansa zikulowa m'nthaka, ndipo sitandi ya ku Mufakose ilibe malo otero. Ngati paipi yanu ikulowa mizu ndiye kuti ikudonthanso, ndipo gully yakhala ikusefukira kuyambira Novembala. Madziwo muwatenge ngati oipitsidwa, ngakhale akuoneka oyera. Kolera ya 2008 ndi 2009 inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe muno n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro, komboni ya mu Harare, inali pakati pa madera amene anavutika kwambiri. Ya Seputembala 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, kumene suweji yophulika inalowa m'madzi a pansi amene anthu ankamwa. Madzi a m'chitsimemo muzithira m'chimbudzi ndi kukolopera. Ngati palibiretu ena akumwa, awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi kapena kuposa, kapena muthire mankhwala a kolorini motsata malangizo a pa paketi. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, akumwa madzi a mchere ndi shuga m'njira.

Pamene pasefukira, valani magambuti ndi magolovesi, wolani zolimba ndi fosholo muzikwirire kutali ndi chitsime. Pa simenti tsukani ndi sopo, kenako thirani Jik wa 3.5 peresenti wosakaniza kapu imodzi ku makapu 6 a madzi, akhalepo mphindi 10 musanatsukuluze. Padothi wazani laimu, ndipo ana ndi nkhuku asafikepo mpaka pataumiratu. Masamba a m'dimba amene madziwo anawakhudza azulidwe.

Mtengo wa mabulosi musaugwetse lero. Dikirani chikhomo chija chinene. Ngati chagwera pansi pa nthambi zake ndipo rodi yabwera ndi mizu, sinthani chigawocho ndi PVC ya majoini a labala, ndipo mtengo ukakhala pafupi kuposa mamita 3 kuchokera papaipi, uchotseni pamodzi ndi chitsa chake, chifukwa mabulosi amaphukanso pachitsa. Ngati chagwera polumikizira kanyumba, mtengowo ulibe mlandu, ndipo pulambala mumuuze abwere ndi joini ya Y ya mamilimita 110, makapulini awiri a labala, rodding eye imodzi ndi levulo.